Mpando Ukachepa M'ndege: Mayankho a Makalata Anu

Mwezi uno tsamba la mafunso ndi mayankho likukamba za mipando ya m'ndege, makamaka za kusamvana kumene kumabuka pamene munthu wathupi ndi woyandikana naye akulimbirana malo ochepa amene kampani inawagulitsa. Makalata amene tasankha ndi ochokera mbali zonse ziwiri. Ena tawafupikitsa popanda kusintha madandaulo ake, ndipo mayina a olemba tawasunga monga anapemphera.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wathupi, ndipo mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa pandege wa maola oposa 10 wokaona mwana wanga amene wangobereka kumene. Pa ulendo wapitawo, womwe unali waufupi, lamba sanandikwane, ndipo bambo amene anakhala pambali panga anaitana wogwira ntchito m'ndege n'kunena mokweza kuti sangakhale pafupi ndi ine. Anthu anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ndinakhala chodzipinda ulendo wonse, osadya kapena kumwa kanthu poopa kudzuka kupita kuchimbudzi. Chigulireni tikiti ya ulendo uno tulo sindikupeza. Kodi ndichite chiyani kuti zimenezi zisadzandichitikirenso?
Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cholemba mosabisa, ndipo tikusangalala nanu pa mdzukulu amene mwalandira. Bambo amene anakuchititsani manyazi aja analakwa, ndipo ngakhale zitakhala kuti anapanikizikadi, panali njira yodandaulira popanda kukuyalutsani pamaso pa anthu onse. Ndikufuna muyambe mwadziwa kukula kwa malo amene akukusowetsani tulowa. M'ndege zambiri za masiku ano, mpando wa m'gawo lotsika mtengo ndi wotambalala masentimita 43 mpaka 46 okha, kuyeza kuchokera pa chotsamira mkono china kufika pa chinzake. Mapewa a amuna ambiri, ngakhale amene palibe angawanene kuti ndi onenepa, amapitirira muyezo umenewu, n'chifukwa chake amuna atatu akakhala mzere umodzi mumaona wina atapendekera kuzenera, wina kukanjira, ndipo wapakati atapinda manja pachifuwa. Mpandowo umawathina anthu ochuluka kwambiri, kungoti kwa inu kuthinako kumaonekera poyera.

Ngakhale tikiti mwagula kale, imbirani foni kampaniyo sabata ino, musadikire tsiku la ulendo, pakuti akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Afunseni mtundu wa ndege imene mudzakwere, kutambalala kwa mipando yake, ndiponso lamulo lawo pa munthu amene mpando umodzi sumukwana. Makampani ambiri amayang'ana zinthu ziwiri, zomwe ndi ngati munthu angathe kukhala zotsamira mikono zonse zili zotsitsa, ndiponso ngati lamba angamangike, mwina mothandizidwa ndi chowonjezera lamba chimodzi, chomwe ndi chidutswa cholumikiza kuti lambayo atalike. Mukaona kuti pa ziwirizi pali chokayikitsa, funsani za mpando wachiwiri woyandikana ndi wanu. Pempho lotere si lachilendo kwa ogulitsa matikiti, chifukwa ngakhale oimba amene safuna kuti zida zawo zikuluzikulu ziikidwe pamodzi ndi katundu amazigulira mpando, ndipo m'makompyuta a makampaniwa mpando wa munthu wofuna malo owonjezera uli ndi zilembo zakezake zakuti EXST. Onetsetsani kuti mipando yonse iwiri ili pa dzina lanu, ndipo pabwalo la ndege mukalandire chiphaso chokwerera cha mpando uliwonse, chifukwa ndege ikadzaza, mpando wooneka wopanda mwini amatha kuupereka kwa wina amene akudikira malo.

Nkhani ya malipiro imasiyana kwambiri malinga ndi kampani ndi dziko. Ku Canada, bungwe la boma loona za mtengatenga linagamula mu 2008 kuti pa maulendo a m'dzikomo, munthu wofunika mipando iwiri chifukwa cha ulumali, kuphatikizapo kunenepa kumene kwafika pomulepheretsa kukhala pampando umodzi, azilipira tikiti imodzi yokha, malinga ngati dokotala watsimikiza. Makampani a ndege anayesa kutsutsa chigamulochi, koma khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linakana kumva apilo yawo chaka chomwecho. Ku America kulibe lamulo lotere, ndipo kampani iliyonse imaika lake. Kampani ya Southwest inatchuka kwa zaka zambiri chifukwa chobweza ndalama za mpando wachiwiri ulendo ukatha, koma kuyambira mu Januwale 2026 inakhwimitsa, moti tsopano imabweza pokhapokha ngati ndegeyo inanyamuka ili ndi mpando wotsala. Malamulowa amasinthasintha, choncho zimene akuuzani pafoni apempheni akulembereninso pa imelo kuti mudzakhale ndi umboni.

Ngati ndalama za mpando wachiwiri palibe, kusankha bwino malo kumathandiza. Anthu ambiri amathamangira mzere wa pakhomo lotulukira pangozi, kapena mzere woyamba woyang'anizana ndi khoma, poganiza kuti ndi motakasuka. Miyendo imatambasukadi kumeneko, koma zotsamira mikono zake kawirikawiri n'zosakwezeka chifukwa m'kati mwake amapindiramo kathebulo kodyera, motero m'chiuno mumathina kuposa kwina konse, ndiponso makampani ambiri salola munthu wogwiritsa ntchito chowonjezera lamba kukhala pakhomo la pangozi. Mpando wa m'mbali mwa kanjira umakupatsani kopendekera ndi mwayi wodzuka osasokoneza wina, ndipo m'ndege zambiri chotsamira mkono cha kukanjira chimakwezeka mukadina kabatani kobisika kunsi kwake, ngakhale kuti ponyamuka ndi potera chimayenera kutsitsidwa, komanso muzisamala phewa pamene kangolo ka zakudya kakudutsa. Ndege zina, monga Airbus A330, zimakhala ndi mipando iwiriiwiri kumazenera, ndipo imeneyi ndi yabwino koposa ngati mukuyenda ndi wachibale amene sangavutike mutakweza chotsamira chapakati.

Chowonjezera lamba mukachipemphe pakhomo pomwe mukulowa, kwa wogwira ntchito amene akulonjera anthu, n'kumuuza nambala ya mpando wanu. Amenewa amapereka zinthuzi tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amazibweretsa mwakachetechete. Koma chimene ndikukupemphani ndi mtima wanga wonse n'chakuti musadzadzimanenso madzi. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, ndipo kukhala maola 10 osamwa kanthu komanso osaimirira kukhoza kuika thanzi lanu pangozi, monga ndafotokozera mu yankho lomaliza patsamba lino. Wina akadzakulankhulani zachipongwe musadzatsutsane naye. Mudzaitane wamkulu wa ogwira ntchito m'ndegemo n'kumufotokozera modekha, ndipo mukadzatsika mudzalembere kampaniyo kalata yotchula tsiku, nambala ya ndege ndi ya mpando.

FUNSO: Akonzi, ine ndimaona ngati masiku ano munthu sangathenso kudandaula za nkhaniyi popanda kutchedwa wankhanza. Ndinalipira tikiti yonse ya ulendo wausiku wa maola 8, koma bambo amene anakhala pakati anakweza chotsamira mkono osandifunsa, ndipo thupi lawo linatenga gawo la mpando wanga. Ndinakhala chopendekera kukanjira usiku wonse ndipo ndinatsika msana ukuwawa. Sindinanene kanthu, koma mumtima ndinakwiya kwambiri. Kodi ndikulakwa kunena kuti munthu wotere azigula mipando iwiri, apo ayi asamakwere n'komwe?
Bambo woyenda kawirikawiri

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo kulinena si nkhanza. Munagula mpando wathunthu koma munalandira woperewera, ndipo kupweteka kwa msana wanu sikuchepa chifukwa chakuti anzanuwo nawonso anali pamavuto. Chotsamira mkono ndicho malire a mipando iwiri, ndipo bambowo anayenera kukupemphani asanachikweze. Pa zimenezi ndikugwirizana nanu kwathunthu. Pamene tikusiyana ndi pa mawu akuti asamakwere n'komwe, ndiponso pa funso lakuti mkwiyo wanu uyenera kulunjika kwa yani.

Taonani mmene malo anu anachepera. Thunthu la Boeing 737, imene ndi imodzi mwa ndege zofala kwambiri padziko lonse, linatengera kutambalala kwa Boeing 707 yomwe inayamba kunyamula anthu mu 1958, ndipo mpaka lero m'kati mwake ndi motambalala pafupifupi mamita 3.5, momwe amaikamo mipando 6 ndi kanjira. Airbus A320, yomwe inabwera mu 1988, inawonjezerako pafupifupi masentimita 16, ndipo akagawidwa pamzere wonse munthu aliyense amapezapo masentimita awiri kapena atatu apadera. M'ndege zikuluzikulu za maulendo ataliatali, ngati imene inu munakwera, mipando inachita kufinyidwa dala. Boeing 777 itayamba ntchito mu 1995, makampani ambiri ankaika mipando 9 pamzere, koma lero ochuluka amaika 10 m'thunthu lomwelo. Boeing 787 inakonzedwa poganizira mipando 8 pamzere, koma pafupifupi makampani onse anasankha 9. Mtunda wochokera pampando wina kufika pa wakutsogolo, umene kale unkafika masentimita 86 kapena kuposa, tsopano nthawi zambiri ndi masentimita 76 mpaka 79, ndipo m'makampani a mitengo yotsikitsitsa umatsika mpaka 71. M'zaka zomwezi matupi a anthu akhala akukula. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri, ndiponso kuti pakati pa akuluakulu vutoli linali litawirikiza kawiri ndi kuposa poyerekeza ndi mu 1990.

Kampani imene inakugulitsani tikiti inkazidziwa zonsezi. Inkadziwa kuti mwa anthu mazanamazana okwera usiku umenewo padzakhala ena amene mpandowo sudzawakwana, koma inagulitsa mipando yonse ngati kuti anthu ndi ofanana msinkhu ndi thupi, n'kusiya kuti vutolo mukalione awirinu mumdima, mapewa atagundana. Kunena chilungamo, nafenso okwera sitili opanda mlandu, chifukwa pogula tikiti ambirife timasankha mtengo wotsikitsitsa osafunsa za mpando, ndipo makampani anaphunzira kuti kuchulukitsa mipando n'kumene kumatsitsa mtengo. Ku America, kumene boma linasiya kulamula mitengo ya matikiti mu 1978, ulendo wa pandege unatchipa moti anthu wamba anayamba kuukwanitsa, koma kutchipako kunabwera ndi kuthithikana. Ngakhale zili choncho, amene anagamula kuti mzere wanu ukhale ndi mipando ingati ndi kampani, ndipo bambo anakhala pakati aja sanafunsidwe.

Mabungwe oyang'anira za ndege nawonso sanathandize kwenikweni. Chimene amaumirira n'chakuti ndege yodzaza ithe kutulutsa anthu onse m'masekondi 90, theka la makomo lili lotseka. Nyumba ya malamulo ya ku America inalamula mu 2018 kuti bungwe la FAA, loyang'anira za ndege m'dzikomo, likhazikitse muyezo wochepetsetsa wa mipando wofunika pa chitetezo cha okwera. Bungwelo linayamba mayeso ku Oklahoma City kumapeto kwa 2019, n'kudzanena kuti mipando yomwe ilipo siilepheretsa anthu kuthawa pangozi, koma anthu amene linawagwiritsa ntchito anali athanzi a zaka 18 mpaka 60 okha, popanda ana, okalamba kapena aulumali, zomwe sizifanana ndi ndege iliyonse imene inu ndi ine tinakwerapo. Litapempha maganizo a anthu mu 2022 linalandira mayankho oposa 26,000, koma zaka zinapitiriza kudutsa muyezowo osakhazikitsidwa.

Zikadzakuchitikiraninso, musadzapirire chamumtima usiku wonse. Mudzadzuke anthu akadali kulowa, n'kupita kumene kuli ogwira ntchito, kutali ndi makutu a mnzanuyo, kukafunsa ngati pali mpando wina, pakuti chitseko chisanatsekedwe pali zambiri zomwe angachite kusiyana ndi pamene ndege ili m'mwamba. Muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti chotsamira mkono chikhale chotsitsa. Ngati ndege yadzaza ndipo palibe chochita, pemphani wamkulu wawo alembe dandaulo lanu, kenako mukalembere kampaniyo kuti ikubwezereni kanthu. Ena amabweza ndipo ena amakana, koma kalata imafika kwa amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu, kumene kuusa moyo ndi kugwedeza mutu pamaso pa mnzanu sikungafike. Maganizo anga ndi akuti kampani iliyonse iyenera kulemba kutambalala kwa mpando pamalo pomwe imalemba mtengo, ndi kukhala ndi njira yodziwika komanso yosaboola m'thumba yopezera mpando wachiwiri, kuti nkhaniyi izithera pogula tikiti. Munthu amene akupita kumaliro, kuchipatala kapena kuntchito kutsidya kwa nyanja alibe njira ina yoyendera, ndipo kumuletsa kukwera chifukwa cha chiuno chake ndi chilango chachikulu mopitirira pa vuto la masentimita angapo.

FUNSO: Amuna anga amachita manyazi kupempha chowonjezera lamba, moti amangoika lambayo pamimba n'kufunditsa bulangeti kuti aoneke ngati amanga. Ndaona pa intaneti akugulitsa zowonjezerazi. Kodi ndiwagulire chawochawo?
Mayi wa pabanja

YANKHO: Mayi, auzeni bambo kunyumbako kuti chizolowezi chimenechi achisiyiretu. Ndege imatha kulowa mumphepo yosokonekera kumwamba kuli ngwee, popanda chenjezo lililonse, ndipo munthu wosamanga lamba amanyamuka kukagunda denga n'kugwera anzake. Mu Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inakumana ndi zoterezi n'kukatera mwadzidzidzi ku Bangkok, ndipo munthu mmodzi anamwalira pamene ambiri anavulala, ena modetsa nkhawa m'mutu ndi kumsana. Zogula chawochawo sindikulimbikitsa. Bungwe la FAA linachenjeza mu 2012 kuti zowonjezera zimene anthu amabwera nazo okha zisamagwiritsidwe ntchito, chifukwa palibe amene amaziyendera ndi kuzisamalira monga zimachitikira ndi za m'ndege, komanso zomangira za malamba zimasiyana, moti chogula chikhoza kuoneka ngati chagwira n'kudzamasuka pa nthawi yofunika. Cha m'ndege n'chaulere. Ngati iwo zikuwavuta kupempha, mukachipemphe inuyo polowa, ndipo palibe amene adzakufunseni kuti n'cha yani.

FUNSO: Ine ndine wochepa thupi, ndimalemera makilogalamu 55, koma chikwama changa chikapitirira ndi makilogalamu atatu amandilipiritsa, pamene munthu wolemera kawiri kuposa ine sawonjezera kanthu. Bwanji osangotikweza tonse pasikelo, aliyense n'kulipira malinga ndi kulemera kwake pamodzi ndi katundu wake?
Wophunzira wa kuyunivesite

YANKHO: Maganizo amenewa anayesedwapo. Mu 2013 kampani yaing'ono ya Samoa Air inayamba kulipiritsa anthu pa kilogalamu, koma ndege zake zinali zonyamula anthu osapitirira 10, momwe kulemera kwa munthu mmodzi kumasinthadi kaulukidwe. M'ndege zazing'ono kulemera si nkhani yoseweretsa. Mu Januwale 2003 ndege ya mipando 19 inagwa itangonyamuka ku Charlotte ku America n'kupha anthu onse 21 amene analimo, ndipo ofufuza anapeza kuti, kuwonjezera pa kulakwitsa kwa amakaniko pokonza zowongolera za kumchira, ndegeyo inalemera mopitirira ndiponso kulemerako kunapendekera kumbuyo, chifukwa miyezo yoyerekezera kulemera kwa anthu ndi katundu inali yachikale.

M'ndege yaikulu masamu ake ndi ena. Airbus A320 imatha kunyamuka ikulemera matani 78, ndipo mwa amenewa anthu 180 amatenga pafupifupi matani 15, potengera muyezo wa ku Ulaya umene umawerengera munthu wamkulu aliyense makilogalamu 84 pamodzi ndi kachikwama ka m'manja. Munthu mmodzi wopitirira muyezowu ndi makilogalamu 40 amawonjezera gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 2,000 a kulemera kwa ndege yonse, ndipo ochepa thupi ngati inu amakhala atabwezera kale. Makampani monga Air New Zealand mu 2023 ndi Finnair mu 2024 anakwezadi anthu pasikelo, koma zinali za ofuna okha, popanda kulemba mayina, ndipo cholinga chinali kukonza miyezo yoyerekezerayi. Malire a zikwama ali ndi zifukwa zawo. Malo a katundu ndi ochepa, chikwama chimanyamulidwa ndi manja a anthu, n'chifukwa chake chimodzi sichiloledwa kupitirira makilogalamu 32, ndipo tisabise, ndalama za katundu wopitirira zimapindulitsa makampani kwambiri. Komanso chikwama mungachipepuze posiya zovala zina kunyumba, zomwe munthu sangachite ndi thupi lake m'mawa wa ulendo.

Koma chifukwa chachikulu chimene sindikugwirizana nanu n'chakuti sikelo siyeza chimene anthu amakanganirana m'ndege, chomwe ndi kutambalala. Mnyamata wamtali wamasewera angalemere makilogalamu 110 n'kukwana bwinobwino pakati pa zotsamira mikono, pamene mayi wamfupi wa chiuno chachikulu, wopepuka kuposa iyeyo, sangakwane. Ngakhale aliyense atalipira malinga ndi sikelo, mpandowo ukhalabe wa masentimita 43 ndipo woyandikana naye apanikizikabe monga kale.

FUNSO: Mng'ono wanga anajambula mobisa munthu wonenepa amene anakhala naye pafupi m'ndege, n'kuika chithunzicho pa Facebook ndi mawu onyoza, ndipo anzake anaseka kwambiri. Nditamudzudzula anandiyankha kuti kunenepa n'kudzifunira, ndipo manyazi ndi amene angathandize anthu otere kuchepetsa kudya. Kodi pali choona pa zimenezi?
Mkulu wake wokhumudwa

YANKHO: Munachita bwino kumudzudzula, ndipo mumuuze achotse chithunzicho. Munthu amene anajambulidwayo ali ndi abale, mwina ana, ndi anzake a kuntchito amene angachione, chonsecho iye anangokhala pampando umene analipira. Makampani angapo a ndege amaletsa kujambula okwera anzako kapena ogwira ntchito popanda chilolezo chawo, ndipo m'mayiko ena kufalitsa chithunzi chotere kungafikitse munthu kukhoti.

Mawu akuti kunenepa n'kudzifunira amatuluka mosavuta pakamwa pa munthu amene thupi lake silinamuvutepo. Palibe akukana kuti kadyedwe ndi kusachita masewera olimbitsa thupi zili ndi gawo lake, koma palinso chibadwa chochokera kwa makolo, matenda a chithokomiro, kusokonekera kwa mahomoni, kusintha kwa thupi pambuyo pobereka, ulumali wolepheretsa kuyenda, ndi mankhwala amene anthu amalandira kuti akhale ndi moyo, monga insulini, masiteroidi ndi ena a matenda a maganizo. Palinso matenda otchedwa lipoedema, ogwira makamaka amayi, amene amakulitsa ntchafu ndi miyendo ndipo satha ngakhale munthu achepetse chakudya. Mng'ono wanuyo, poyang'ana munthu kwa maola ochepa, sakanadziwa kuti mwa zimenezi chake n'chiti. Ndipo ngakhale chikanakhala chakudya, munthuyo ulendo anali nawo tsiku limenelo, ndipo sakanauimika kudikira kuti ayambe waonda.

Zoti manyazi amachiritsa, akatswiri a zaumoyo amazikana. Mu 2020 gulu la madokotala ndi ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana linasindikiza chikalata m'magazini ya Nature Medicine chopempha kuti kusala anthu onenepa kuthe, ponena kuti kumawononga thanzi la m'thupi ndi la m'maganizo ndiponso kumachititsa anthu kuzemba chipatala. Zimene manyazi amachita zikuoneka patsamba lomwe lino, pakuti mayi a kalata yoyamba anawaletsa kumwa madzi, ndipo bambo a m'kalata yachitatu akuwaletsa kumanga lamba.

FUNSO: Ine sindine wonenepa koma ndine wamtali, pafupifupi mamita awiri, ndipo mawondo anga amagunda mpando wakutsogolo ngakhale usanagonetsedwe. Wakutsogolo akaugonetsa ndimamva ululu, ndipo ndikamatsika mapazi amakhala atatupa moti nsapato zimathina. Kodi ndili ndi ufulu womuletsa, nanga kutupaku n'koopsa?
Bambo wamtali

YANKHO: Ufulu womuletsa mulibe, bambo, chifukwa batani logonetsera mpando ndi gawo la zimene iye anagula, ngakhale kuti malo omwe mpandowo ukugoneramo kampani inakugulitsaninso inu. Tizida totsekera mpando wa mnzako kuti usagone tilipo pamsika, koma makampani ambiri amatiletsa, ndipo mu 2014 ndege ya United yochokera ku Newark kupita ku Denver inakatera ku Chicago chifukwa cha mkangano umene unayamba ndi kachida kotere. Chimene chimathandiza n'kulankhula msanga. Mukangokhala pansi, muuzeni wakutsogoloyo mwaulemu kuti miyendo yanu ndi yaitali, ndipo mumupemphe kuti azikuchenjezani asanagonetse, kapena agonetse pang'ono chabe, pakuti anthu ambiri amamva pempho limene labwera iwo asanalakwe. Mosiyana ndi mayi a kalata yoyamba, inu mzere wa pakhomo la pangozi ndi umene ukukuyenerani, malinga ngati muli ndi mphamvu zothandiza kutsegula khomolo. Zimandikhudza kuona kuti munthu wamtali akadandaula anthu amamumvera chisoni pamene wathupi amamunyoza, chonsecho vuto lawo ndi limodzi, thupi lopitirira muyezo wa mpando, wina m'litali ndipo wina m'lifupi.

Kutupa kwa mapazi onse awiri mofanana, kumene kumatha mukayendayenda kapena mukagona usiku umodzi, kumabwera chifukwa chokhala nthawi yaitali miyendo ili pansi, ndipo kawirikawiri si koopsa. Choopsa ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'kati mwa mwendo. Kafukufuku wa WHO amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007 anapeza kuti chiopsezo chake chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala osasuntha maola 4 kapena kuposa, ngakhale kuti chimakhalabe chochepa, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6,000. Amene ali pachiopsezo chokulirapo ndi onenepa kwambiri, aatali kuposa mamita 1.9 monga inu, aafupi osafika mamita 1.6, amayi omwa mapiritsi olera, ndi amene magazi awo amaundana msanga mwachibadwa, ndipo madokotala amawonjezerapo amayi oyembekezera, ochitidwa opaleshoni posachedwapa, odwala khansa ndi amene zinawachitikirapo kale.

Choncho muziimirira ndi kuyenda m'kanjira pakapita ola limodzi kapena awiri, pamene chizindikiro cha lamba chazima, ndipo muli pampando muzigwedeza mapazi ndi kuzunguliza akakolo. Chikwama musamachiike pansi pa mpando wakutsogolo pomwe mapazi anu akanatambasukira, muzimwa madzi, ndipo mowa ndi mapiritsi ogonetsa muzipewa chifukwa zimamusiya munthu chigonere malo amodzi. Amene ali m'magulu ndatchulawa akaonane ndi dokotala ulendo usanafike, chifukwa ena amalangizidwa kuvala masokosi othina apadera ofika m'mawondo. Ngati m'masiku kapena masabata otsatira ulendo mwendo umodzi watupa, ukuwawa kukatumba, ukutentha kapena wasintha mtundu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti munali pa ulendo wautali. Ngati mwayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa kapena kutsokomola magazi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa n'kutheka kuti magazi oundanawo asuntha kukafika kumapapo.